Mipeni Yosachita Dzimbiri

Area 11, Lilongwe
9 Seputembala 1974

Okondedwa achimwene a Nebert,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo kumeneko ku Mangalande ndipo sukulu ikuyenda. Ife kuno tadzuka, kungoti mwana wathu Emily akutsokomola chifukwa cha fumbi. Adilesi ili pamwambayi ndi yatsopano. Musalembenso ku Zomba, tinasamuka mwezi watha pamodzi ndi ofesi yonse ya alamu anu a Felton.

Nyumba yomwe atipatsa ndi yaikulu koma ili pamtetete. Mitengo anagwetsa, mathirakitala akungokumba misewu tsiku lonse, ndipo ukayanika nsalu yoyera umakaianula itafiira. Msika uli kutali, ku Old Town, basi yake yodikira mpaka miyendo kuwawa. Chabwino chake nchakuti kwathu ku Mitundu kwayandikira. Amayi anabwera kudzaona nyumba, anagona masiku awiri. Miyendo ikuwavutabe, ndipo denga lawo laudzu lija silifika mvula ikubwerayi.

Tsopano nkhani yomwe ndatumidwa. Matenda a alamu anu a mipeni mukuwadziwa. Posamuka, kabati yawo yagalasi ija anaikulunga m'bulangete lathu logona, naikumbatira okha pamwamba pa lole kuchoka ku Zomba mpaka kuno. Mbale zanga zadothi zinasweka pa Dedza, koma mipeni inafika yonse bwinobwino. Ine tomato ndimadulabe ndi kampeni kanga kothyoka chogwirira, poti ya m'kabati ndi yongoyang'ana.

Sabata yathayi anagula wina kusitolo ya a Kassimu, kuseri kwa msika. A Kassimu anawalumbirira kuti ndi wochokera ku Sheffield, komwe muli inuko. Anapita nawo kuofesi kukaonetsa a Norman, mzungu amene amajambula naye mapu a mzinda watsopanowu, yemwenso amasunga mipeni. A Norman anautembenuza kamodzi kokha nkuyamba kuseka, akuti ngakhale dzina la Sheffield lalembedwa molakwa. Izi zinachitika pamaso pa makalaliki ndi amesenjala. Alamu anu atabwera kunyumba, chakudya osadya. Mmawa mwake anabwerera kwa a Kassimu, koma anangowayankha kuti iwo sasula mipeni, amangogulitsa, ndipo anaupikula kwa munthu wa ku Limbe amene nayenso anaupikula kwa wina.

Ndiye akuti poti Mulungu anaika mlamu wawo mumzinda weniweni wa mipeni, bwanji osagula kwa eniake opanga. Akulemberani okha kufotokoza mtundu wake. Ine ndikungopempha kuti muwathandize, mwina nkuyambanso kudya.

Ndine mlongo wanu,
Bernadetta

*

Capital Hill, Lilongwe
30 Seputembala 1974

Alamu,

Moni wambiri. Ndamva kuti mayi a Emily anakuuzani kale za manyazi amene ndinaona, ndipo ndikudziwa kuti anawonjezerapo ndi mchere. Zoti sindinadye ndi zoona.

Mwina mumadabwa kuti munthu wamkulu, dikoni wa mpingo, akufuna chiyani ndi mipeni yosadulira kanthu. Bambo anga anagwira ntchito zaka zambiri kumigodi ya ku Kitwe. Pobwerera kwathu ku Rumphi anabwera ndi chifuwa ndi mpeni umodzi wa chogwirira chanyanga. Chifuwacho chinawatenga, mpeniwo anasiyira ine. Ena ndinayamba kugula nditalowa ntchito, umodzi umodzi. Anthu ena amasunga masitampa, ena amasunga mabotolo a mowa m'mimba. Ine ndikaweruka, ndikapukuta mipeni yanga ndi kansalu ka mafuta, mutu umapepuka.

Vuto ndi ili. Wogulitsa m'sitolo amadziwa mtengo wokha. Chinthu chikadutsa m'manja mwa anthu anayi, aliyense amaikapo phindu lake ndi bodza lake, ndipo wogula womaliza ndiye amalipira zonse ziwiri. Sindikuwada a Kassimu, nawonso anapusitsidwa. Koma ndikufuna kamodzi kokha pamoyo wanga ndigwire mpeni umene ndikudziwa nyumba yomwe unasulidwira.

Ndikufuna umodzi basi. Wosapinda, wa m'chimake chachikopa, wautali ngati chikhatho ndi theka, chogwirira cha nyanga ya gwape. Musagule m'masitolo a m'tauni ngakhale akhale a azungu. A Norman akuti nawonso amasakaniza ndi ya kwina. Pitani kufakitale kwenikweni, muone ndi maso anu, ndipo mutenge lisiti ya kampaniyo.

Za malipiro, kutumiza ndalama kunja masiku ano ndi mafomu osatha. Ndiye tichite chonchi: inu mulipire kumeneko, ine ndikhome malata panyumba ya apongozi anga ku Mitundu. Kunena zoona malatawo ndagula kale, kalipentala ayamba Lolemba. Mpeni ubwere kapena usabwere, amayi sanyowanso chaka chino.

Wanu,
Felton Chavula

*

Sheffield
24 Novembala 1974

Mlongo wanga Berna, ndi inu alamu,

Makalata anu onse awiri ndinalandira. Ndachedwa kuyankha chifukwa cha mayeso. Kuno kwazizira moti ndimagona ndi jekete, ndipo dzuwa likulowa anthu asanaweruke. Alamu, za malata mwandichititsa manyazi. Ntchito imeneyo inali yanga monga mwana wamwamuna, koma ndikuthokoza ndi mtima wonse.

Ndinayamba kaye ndazungulira m'masitolo kuti ndidziwe mitengo. Mpeni wonga mukufunawo ulimo, m'magalasi owala, koma mtengo wake ndi chakudya changa cha milungu iwiri. Nditafunsa mnyamata wogulitsa kuti unapangidwira kuti, anapita kukafunsa abwana ake, abwanawo nkumayang'ananso pabokosi. Ndinakumbuka mawu anu, ndinatuluka.

Loweruka ndinakapeza fakitale. Berna, ukanaseka. Ine ndimayembekeza chinyumba chachikulu, koma ndi kanyumba kanjerwa zakuda kuseri kwa msewu, kotentha ngati uvuni, phokoso lake losamvana. Muli amuna okalamba ovala zikopa, wina akusula, wina akunola pamwala wozungulira, wina akucheka nyanga. Fungo la nyanga yopsa linandikumbutsa tsiku lopha ng'ombe kumudzi. Anadabwa kumva kuti ku Malawi kuli munthu wodziwa ntchito yawo, ndipo anandipatsa tiyi.

Koma pali kanthu kamodzi. Mayi wa muofesi anandiuza kuti iwo sagulitsa umodzi umodzi, wofuna umodzi apite kusitolo. Amagulitsa bokosi la khumi ndi iwiri. Ndinatsala pang'ono kubwerera, mpaka atanditchulira mtengo. Bokosi lonselo likufanana ndi mipeni inayi ya m'sitolo. Apa ndiye ndinaona kuti amasitolo amatidya tili maso. Ndiponso uliwonse ukhala ndi chogwirira chakechake, wina nyanga, wina mtengo wakuda, wina fupa. Dzina la mwiniwake amalemba pachitsulo ulere.

Ndapeza ganyu yotsuka mbale kuhotela nthawi ya Khirisimasi, ndiye musadandaule za ine. Ndaperekako kale chikole. Akuti asula mu Febuluwale, ndipo atumiza okha kuchokera pakhomo pawo mpaka ku bokosi lanu la kuofesi. Palibe dzanja la munthu wapakati lomwe liukhudze. A Norman akadzaona, adzakhale pansi kaye.

Berna, uwauze amayi kuti ndatsala ndi chaka ndi theka. Emily umupsompsone.

Nebert

*

Area 11, Lilongwe
17 Febuluwale 1975

Achimwene,

Tili moyo. Ndikhulupirira inunso muli bwino. Amayi akupereka moni, akuti mvula ikamagwa pamalata amaona ngati ali m'tchalitchi.

Kalatayi muiwerenge mofatsa, musaiwerenge muli pachangu.

Likulu lasamukiradi kuno tsopano, ndipo anthu achuluka. Mwina mukuwakumbuka a Percy, akwawo kwa alamu anu, amene anaimirira paukwati wathu. Amakhala nyumba yoyandikana nafe. Anapita paulendo Lachiwiri lapitalo. Ananyamukira kuofesi, jekete yawo anaisiya pampando. Akazi awo a Rose sanauzidwe kuti ulendowo ndi wa kuti kapena wa masiku angati. Dzulo a Rose apakira katundu kupita kwawo, ndipo m'nyumbamo mukulowa ena. Anzawo ena awiri a kumpoto, a muofesi yomweyo, nawonso ali paulendo womwewo. A Norman kontirakiti yawo yatha, anakwera ndege mwezi watha.

Mvula ya chaka chino si yabwino. Chinyezi chalowa paliponse, ngakhale makalata akumafika maenvelopu atamatuka nkumatidwanso. Alamu anu akuti nyengo yotereyi chitsulo chilichonse chochokera kunja chikhoza kuchita dzimbiri chisanafike nkomwe m'nyumba. Ndiye katundu uja musatumize. Ngati mwalipira kale, zisiyeni choncho, kapena mugulitse komweko. Musatumize ngakhale umodzi. Iwowo sakulemba okha chifukwa dzanja likuwavuta masiku ano.

Achimwene, mumandidziwa kuti sindine munthu wobweza mphatso. Chonde mverani.

Bernadetta

*

Sheffield
8 Malichi 1975

Berna,

Kalata yako ndailandira ndipo ndaseka ndekha m'chipinda. Iwe ndi ine tinayamwa bere limodzi, ukuganiza kuti sindingaone zomwe ukubisa? Alamu awononga zambiri pa malata, kenaka amva kuti ndikutsuka mbale za azungu chifukwa cha iwo, ndiye manyazi awagwira mpaka dzanja kuwawa. Uwauze kuti palibe ngongole pakati pathu. Mbale ndinatsuka ndi mtima wanga, ndipo ndinanenepako ndi zotsala za kuhotela.

Za dzimbiri usade nkhawa ngakhale pang'ono. Ndinapita dala kukafunsa kufakitale. Chitsulo chake ndi cha mtundu wosachita dzimbiri, ukhoza kuchisiya m'madzi mwezi wathunthu. Ubwino wogula kwa eniake ndi umenewu. Ikanakhala ya kwa a Kassimu bwenzi ukunena zoona. Ndiponso uliwonse aupaka mafuta nkuukulunga m'pepala lake.

Ngakhale ndikanafuna kumvera, ndachedwa. Bokosi linanyamuka sabata yatha, kalata yako isanafike. Ndinaliona ndi maso anga asanalitseke. Berna, ndi zokongola. Dzina lakuti F. CHAVULA lili pa uliwonse. Pamwamba pa phukusi alembapo zomwe zili mkati ndi dzina langa monga wolipira, kuti a kasitomu asavutike kutsegula. Libwera pa sitima ya pamadzi, ndiye muyembekeze miyezi itatu kapena kuposerapo.

A Percy ndikuwakumbuka bwino, aja anavina mpaka kung'amba buluku. Ulendo wadzidzidzi chonchowo ndi wa kosi basi, boma limatero. Ngati abwera kuno ku Mangalande unditumizire adilesi yawo, ndikawaone. Ndalakalaka munthu wolankhula naye chinenero chathu.

Alamu ayambe kupeza malo m'kabati.

Nebert

*

Sheffield
20 Ogasiti 1975

Berna,

Kodi kuli bwanji? Iyi ndi kalata yachitatu chilembere ija ya mu Malichi, ndipo palibe yankho. Kufakitale akuti phukusi linayenera kufika mu Juni. Ngati linasowa panjira undiuze, akuti ali ndi inshuwalansi. Ngati alamu sanaikonde, anene, sindikwiya. Kapena ndinalakwa kuseka za dzanja lawo? Ngati akudwaladi ndikhululukireni.

Ndalemberanso amayi kudzera kumishoni, nakonso zii. Usiku sindigona bwino. Ndilembere ngakhale mizere iwiri.

Nebert

*

Mitundu
2 Novembala 1975

Achimwene,

Kalatayi sikudutsa kupositi ya kuno. Ndapatsira Sisitere Ursula a kuchipatala cha mishoni, amene akupita kwawo ku Holland kutchuthi, ndipo akaiponya kumeneko. Ndiye lero ndilankhula mosaphiphiritsa.

Alamu anu anawatenga pa 19 Juni. Mpaka lero sindikudziwa komwe ali.

A Percy sanapite kukosi. Anamangidwa, ndipo enawonso anamangidwa. Anthu a kumpoto a m'maofesi akhala akutengedwa mmodzimmodzi, popanda mlandu wonenedwa, popanda khoti. Makalata opita kunja ndi ochokera kunja amatsegulidwa. Dzimbiri lomwe ndinkanena ndi limeneli. Kalata yanu yoseka ija itafika, alamu anu anaiwerenga ataimirira, nakhala pansi, nkundifunsa ngati sitima ya pamadzi imatha kumira. Sanakunenereni choipa chilichonse, tsiku limenelo kapena lina.

A Percy atangotengedwa, alamu anu anachita mantha ndi kabati ija. Anatulutsa mipeni yonse, ngakhale wa bambo awo, ndipo ine ndinainyamula m'dengu pansi pa masamba a mpiru kupita nayo kwa a Kassimu. A Kassimu anailandira nkuisakaniza ndi katundu wa m'sitolo. Tinkaona ngati tachenjera.

Mu Juni kunabwera kapepala kuofesi koti akatenge phukusi. Ndinawapempha kuti asapite. Anandiyankha kuti phukusi lili ndi dzina lawo, kulisiya kukhala ngati akuthawa, ndipo munthu wojambula mapu alibe chobisa. Anapita nthawi ya nkhomaliro. Cha m'ma 2 koloko ndikuchapa kuseri ndinamva galimoto. Alamu anu anatsika ndi amuna atatu ovala masuti, mmodzi atanyamula bokosi.

Analitsegulira patebulo lathu lodyera nkuyala mipeni yonse pamzere. Munanena zoona, achimwene, inali yokongola. Wamkulu wawo anaiwerenga ndi chala, kenaka anafunsa mofatsa ngati akufunsa njira.

"A Chavula, anthu khumi ndi awiriwa ndani?"

Alamu anu anati palibe anthu, mipeniyo ndi yongosunga, yoyang'ana. Anafotokoza za bokosi, kuti fakitale sigulitsa umodzi. Munthuyo anafunsa kuti ngati ndi yongoyang'ana, bwanji osagula pasitolo pompano ngati anthu ena onse, chinawatumiza kunja nchiyani, ndipo Nebert ameneyu akuwalipirira zida ali kunja ndi ndani. Alamu anu anati ndi mlamu wawo, mwana wasukulu. Analemba dzina lanu m'kabuku.

Kenaka mmodzi anaona kabati. Inali yopanda kanthu, koma pansalu yobiriwira ija dzuwa linali litasiya zithunzi za mipeni yonse, uliwonse pamalo pake. Anaitana wamkulu uja. Iye anayang'ana nthawi yaitali.

"Iyi ndiye munagawa kale. Munapatsa ndani?"

Alamu anu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Akanatchula a Kassimu, bwenzi atawatenganso, ndi ine wonyamula dengu. Anangoti anataya. M'chipinda anapezamo mapu a misewu ya ku Capital Hill omwe alamu anu ankamalizira kunyumba, natenganso. Alamu anu anapempha kuti asinthe nsapato, anawauza kuti sachedwa. Ali pakhomo anatembenuka.

"Berna, Loweruka Emily ali ndi jakisoni wachiwiri. Usaiwale."

Mawu awo omaliza ndi amenewo.

Nyumba anandiuza kuti ndituluke sabata isanathe. Anthu a mu Area 11 amene tinkapemphera nawo ankatseka makatani ndikamadutsa, ndipo sindiwaimba mlandu. Katundu ndinabwera naye kuno pa lole ya fodya. Ndafunsa ku Lilongwe, ndafunsa ku Zomba, konse akuti dzina limenelo alibe. Kwawo ku Rumphi ndinatumiza uthenga, sanayankhe, kaya ndi mantha kaya akuti ndine ndinawadyetsa.

Ndinapitanso kwa a Kassimu kukawapempha kuti akachitire umboni kuti mipeni yakale ija ili kwa iwo. Ananditengera kuseri kwa matumba a mchere. Anati anaigulitsa kale yonse, kwa anthu opha mbuzi ndi a pamsika, ndipo ali ndi ana asanu ndi awiri.

"Mayi, mpeni wa m'sitolo mwanga ulibe dzina. Munthu amagula, amapita, ine sindimudziwa, boma silimudziwa. Amuna anu akanangokhutira ndi mpeni wabodza uja, bwenzi lero ali kunyumba."

Anandipatsa sopo ndi shuga, nandipempha kuti ndisadzabwerenso.

Amayi sakudziwa kuti phukusi linachokera kwa inu. Ndinawauza kuti ndi nkhani za kuofesi. Makalata anu onse anandipeza kuno, atatsegulidwa kale, koma kuyankha kukanakhala kukupalirani moto. Musalembenso kudzera kupositi. Sisitere abwerera mu Januwale, adilesi yawo ili kuseri kwa pepalali.

Bernadetta

*

Sheffield
14 Disembala 1975

Berna, mlongo wanga,

Kalata yako ndaiwerenga mpaka yang'ambika popinda. Ndatulutsanso ija ya mu Febuluwale. Zonse unalemba poyera, mwana wa sitandade 3 akanamva. Ine ndi maphunziro angawa ndinapita kukafunsa azungu za dzimbiri.

Mmawa mwake ndinathamangira kufakitale. Ndinawafotokozera zonse. Mayi wa muofesi uja anagwira pakamwa, naitana mwini kampani. Iye anamvetsera, anapepesa, kenaka anati ngati mipeniyo ingabwezedwe isanagwiritsidwe ntchito akhoza kubweza ndalama. Sanamvetse, Berna. Kwa iwo mpeni ndi mpeni. Ndinakhala pamenepo osachoka mpaka anavomera kulemba kalata yomwe ndaika muno. Ili papepala la kampani, ndi chidindo chawo. Ikunena kuti mipeniyo ndi ya anthu osunga zinthu zokongola, kuti amagulitsa khumi ndi iwiri pamodzi kwa aliyense, ndiponso kuti amene anasankha bokosi ndi ine, a Chavula anapempha umodzi wokha. Ndaikamonso kalata ya alamu ya mu Seputembala ija, yonena za bambo awo. Munthu aliyense woiwerenga aona kuti uyu si munthu wa chiwembu.

Upite nazo kwa akuluakulu. Payenera kukhala mmodzi wamutu wabwino.

Maphunziro ndimaliza mu Juni. Ndikwera ndege yoyamba, ndipo ndikadzipereka ndekha kuti andifunse chilichonse. Ngati akufuna munthu, atenge ine amene ndinagula. Ndine mwini mbumba, sindingakhale kuno ndikudya buledi iwe ukulima wekha ndi mwana. Ndapatsira Sisitere kandalama ndi juzi ya amayi.

Sindikupempha kuti undikhululukire panopa.

Nebert

*

Mitundu
30 Meyi 1976

Achimwene,

Amayi anatisiya pa 11 mwezi uno. Miyendo inatupa mpaka m'mimba, ndipo kuchipatala anati mtima watopa. Sanavutike masiku ambiri. Tinawaika pafupi ndi abambo.

Masiku omalizawo ankangofunsa za inu. Galimoto ikamveka kumsewu ankati ndikaone ngati ndi Nebert. Pamaliro panalibe woyankhulira banja, mpaka anachita kuimirira amalume a kwa Nsaru amene sanapondeko kuno zaka khumi. Anthu ankanong'onezana kuti mwasanduka mtchona, mwakwatira mzungu, mwaiwala amene anakuberekani. Ndinawasiya anene. Bodza limenelo ndi lomwe likutisunga ine ndi Emily m'mudzi muno, chifukwa akadziwa zoona palibe angatigaireko ngakhale moto.

Makalata aja ndinapita nawo mu Febuluwale. Ndinayenda maofesi atatu ku City Centre, nyumba zatsopano zonunkha penti, aliyense akunditumiza kwa mnzake. Potsiriza anandilowetsa kwa bambo wina waulemu kwambiri. Anandipatsa mpando, anaitanitsa Fanta. Anawerenga makalata onse awiri mpaka kumapeto, nati Chingerezi chake nchabwino. Ndinafunsa ngati amuna anga ali moyo. Anati funso limenelo si la ofesi yake. Kenaka anatsegula kabati, naikamo makalatawo, natenga cholembera.

"Achimwene anuwa akuoneka munthu wanzeru. Akuti amaliza liti sukulu? Mutiuze tsiku ndi ndege yake, tikawalandire bwino, nkhaniyi ithe."

Ndinati sindikudziwa, sitilemberana. Anamwetulira, nandifunsa kuti nanga makalatawa afika bwanji m'manja mwanga opanda sitampa. Ndinati ndinawapeza pansi pa chitseko. Fanta ija sindinaimalize. Nditatuluka ndinakhala pansi pamsewu, anthu nkumandilambalala.

Patatha milungu itatu Sisitere Ursula anauzidwa kuti chilolezo chawo chokhalira m'dziko muno sichiwonjezedwanso. Kaya nchifukwa cha ife, kaya ndi zina, iwo sananene ndipo ine sindinafunse. Anyamuka Lachinayi, ndipo atenga kalatayi. Akapita, palibenso wina amene ndingamukhulupirire. Ndiye iyi ndi yomaliza.

Za alamu anu ndamva kamodzi kokha. Munthu wina wogulitsa nsomba zouma, amene m'bale wake anatuluka m'ndende chaka chino, anandiuza pamsika kuti kumalo kwina kummwera kuli mkulu wa ku Rumphi amene amajambula misewu pansi ndi kamtengo, ndipo mano akutsogolo alibe. Dzina sanalidziwe. Mwina ndi iwo, mwina ndi wina. Ine ndasankha kuti ndi iwo.

Emily wayamba sukulu kumishoni. Ndinamulembetsa ndi dzina la kwathu, osati la Chavula. Anandifunsa chifukwa chake, ndinati ndi lalifupi, savutika kulemba.

Munati simukupempha chikhululukiro. Ine ndinakhululuka kalekale, poti amene anayamba kukulemberani za mpeni ndi ine. Koma mverani tsopano, ndipo ulendo uno musafunefune tanthauzo lina kuseri kwa mawu anga, palibe. Mukatsika ndege sakawatulutsa alamu anu. Akakuikani pamodzi nawo, ndipo ine ndidzakhala ndi anthu awiri owafunsa m'maofesi. Pezani ntchito kumeneko, ina iliyonse. Kwatirani ngati mungapeze munthu. Musatumize ndalama, musatumize kalata, musatumize kanthu kalikonse kokhala ndi dzina lanu.

Mukadzamva kuti ine ndamwalira, mukaperekere Misa komweko. Musabwere.

Mlongo wanu,
Bernadetta